Nkhuku Zitatu ndi Kope Limodzi: Momwe Banki ya Ana Anga Yayendera mu 2024

Loweruka, 6 Januwale

Tayambapo lero. Amayi anzanga a ku banki m'khonde yathu kuno ku Chinsapo anandipempha kuti ndizilemba momwe zikuyendera, kuti zikatheka nawonso akayese kwawo, zikakanika adziwe pomwe ndinapunthwa.

Chinandidzutsa ndi K5,000 imodzi. Pa Khirisimasi mlongo wanga anabwera kuchokera ku Johannesburg, ndipo potsanzika anafumbatitsa mwana aliyense K5,000 yake. Mnyamata wanga wapakati, wa zaka 13, Sitandade 7, sanathe nayo masiku awiri: tchipisi cha pachiwaya, zakumwa, n'kulipirira anzake ku kanema wa mpira. Nditamufunsa chifukwa chake sanasungeko ngakhale K500, anayang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, ndikanakupatsani kuti mundisungire, sindikanaionanso."

Ndinangoti kakasi. Mwanayo sananame. Mlendo akapatsa mwana ndalama, ife makolo timati "bwera nayo ndikusungire", kenako igula mchere ndi sopo, nkhani yatha. Mayi anga ankatero, inenso ndakhala ndikutero zaka zonsezi osaonapo cholakwika. Koma mwana amaphunzirapo kanthu: ndalama yako ndi imene yalowa m'mimba, yosunga ndi ya eni ake. Ndiye ndimudzudzule bwanji kuti ndi wosakaza, mphunzitsi wake ndili ine?

Tagwirizana izi. Ndawabwereka K30,000 ya mpamba, adzabweza mu Disembala popanda chiwongoladzanja. Si mphatso, ndipo ndanena kawiri kuti amve. Tagula misoti itatu ya nkhuku zachikuda pa K7,000 umodzi, madeya a K4,000, kope ndi loko K2,500, katemera wa chitopa K500. M'bokosi mwatsala K2,000. Tambala tizibwereka kwa aneba. Khola ndi bokosi akhoma ndi bambo awo ndi matabwa otsala.

Ndasankha nkhuku chifukwa cha zomwe zinachitika mu Novembala chaka chathachi, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ife a banki m'khonde tinagawana mu Disembala ndalama zooneka zambiri, koma titafika nazo pamsika zinangosungunuka m'manja. Sindikufuna kuphunzitsa ana kuti kusunga ndi kubisa mapepala m'chitini basi.

Malamulo tatengera ku gulu lathu la amayi. Loweruka lililonse 4 koloko madzulo timakhala pamkeka. Sheya imodzi ndi K200, munthu agule mpaka zisanu. Wochedwa alipira K100. Wachisamba, mtsikana wa Fomu 3, ndiye mlembi. Mnyamata ndiye mwini khola. Mzime, wa zaka 8, azitola mazira ndi kusunga kiyi, koma bokosilo lizikhala kuchipinda kwanga, chifukwa wosunga bokosi sasunga kiyi.

Lamulo lina ndi langa: kusesa, kutsuka mbale, kutunga madzi, palibe malipiro, chifukwa aliyense amadya pano. Koma wondithandiza pa ntchito yanga yosoka, kusokerera mabatani, kupinda m'mphepete, kusita, kukasiya zovala kwa makasitomala, ameneyo ndi ganyu, alandira. Ndalama za masheya zizichokera kumeneko ndi ku yodyera kusukulu.

Loweruka, 17 Febuluwale

Misoti iwiri yayamba kuikira. Wina wafika mazira 12, wina 11. Mkangano woyamba wabuka lero: mnyamata akufuna agulitse mazira onse pa K250 limodzi ndalama ioneke, mkulu wake akufuna nkhuku zifungatire. Ndinaluma lilime, osalowererapo. Mlembi anatenga cholembera n'kumuonetsa: mazira khumi lero ndi K2,500, koma akaswa n'kukula ngakhale asanu okha, ndi ndalama yoposa K30,000. Mnyamata anati, "Achemwali, zimenezo ndi za papepala. Nanga akafa?" Funso labwino, ndipo ndinamuuza choncho. Pomaliza agonjerana: thadzi lililonse lifungatire khumi, atatu otsalawo agulitsa kwa ine pa mtengo wa pamsika. Ndalipira, zalembedwa.

Mzime walemba tsiku pa dzira lililonse ndi pensulo, ndipo pakhoma la khola wajambula timizere 21 ndi makala, azifafaniza kamodzi m'mawa uliwonse. Iyeyu ndi amene akusangalala kwambiri. Powerenga ndalama amaziyala pamkeka monga mwa nkhope: a Inkosi M'mbelwa pa K20, a Gomani pa K50, a James Sangala pa K100, mayi Rose Chibambo pa K200, a Chilembwe pa K500 ndi K2,000, a Kamuzu pa K1,000 ndi K5,000. Sheya amaitchula kuti "mayi Chibambo mmodzi". Nditamuuza kuti matambala 100 ndiwo amapanga kwacha imodzi, ndipo ndalamazi zinayamba mu 1971 agogo ake akusiya mapaundi, anafunsa ngati tambala wa aneba uja timuwerengere m'kope.

Lamlungu, 24 Malichi

Anapiye anaswa sabata yachiwiri ya mwezi uno, 9 kwa thadzi lina, 8 kwa linzake. Lero tili ndi 12.

Mmodzi anafa ndi chisanu atanyowa. Anayi anapita ndi kabawi masiku awiri otsatizana, nthawi imodzimodzi, cha m'ma 3 koloko, mwini khola ali kubwalo la mpira atawatsegulira n'kuchoka. Atabwerako tsiku lachiwiri anapeza thadzi likungozungulira pansi pa mpapaya likulira, nthenga zitanyankhalala. Anawerenga anapiye katatu. Sindinamukalipire, ndipo sindinamulonjeze kuti ndigula ena. Ndinangoti akanene yekha pamsonkhano.

Ananena, mawu akunjenjemera. Mlembi anafuna kuti alipire onse anayi. Ndinapempha kulankhula ngati mlendo, n'kufunsa kuti kodi gulu likufuna kulanga munthu kapena kupulumutsa otsalawo. Agamula kuti alipire K500, ndipo aluke yekha chovundikira cha nsungwi choti anapiye azidyeramo masana. Wakhala nacho masiku atatu, zala zili mabala okhaokha. Chapendekeka, koma kabawi sangalowe.

Vuto lina ndi madeya. Mvula inadula pakati chimanga chili pofunika madzi, ndipo dzulo a Pulezidenti alengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Kuchigayo madeya akwera, chifukwa anthu ena akuwagula kuti adye okha. Ana anabwera kwa ine kuti ndiwonjezere mpamba. Ndakana. Tsopano akutola masamba otaya kwa ogulitsa ndiwo, akukumba chiswe, ndipo madzi otsukira mphika wa nsima satayanso.

Loweruka, 20 Epulo

Thadzi lachitatu laswa 7, awiri afa, atsala 5. Zonse pamodzi nkhuku 20. Msonkhano wa mphindi khumi zokha, palibe wochedwa.

Lolemba, 13 Meyi

Izi ndazengereza kuzilemba, koma ndikazisiya zolemba zonsezi zikhala zabodza.

Katemera wachiwiri tinapereka pa 4 Meyi, zonse zili bwino. Lachitatu lapitali kunagwa maliro kwa aneba athu. Kunafunika chipepeso ndi ufa, ine m'manja mulibe, kasitomala wa mayunifolomu asanalipire. Ana ali kusukulu. Kiyi mzime amaikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndinatsegula bokosi, ndinatenga K5,000, ndi mtima woti ndibweza Loweruka lisanafike. Sindinalembe, sindinauze munthu. Kasitomala sanabwere.

Loweruka mlembi anawerenga m'kope: K9,300. Mzime anayala ndalama pamkeka: K4,300. Anawerenganso. Kenako onse awiri anatembenukira kwa mnyamata.

"Iwe, bweretsa ndalama."

"Achemwali, sindinatenge."

"Wa tchipisi pano ndani?"

Analumbira, analira, anatulutsa matumba a kabudula kunja. Ine ndili pompo pampando wa makina, singano ili m'manja, mawu atandiuma pakhosi. Ndinkadziuza kuti ndikonza mwakachetechete, ndibwezeramo Lolemba, ndidzati munawerenga molakwika. Msonkhano unatha opanda chigamulo. Usiku mwanayo anakana nsima n'kukagona chafufumimba, nsapato zili kumapazi.

Nditawauza bambo awo kuchipinda, anati ndibwezeremo mwakabisira. "Mayi, mukagwadira ana lero, mawa adzakukwerani pamutu. Ndalamayo si munawapatsa ndinu?" Sindikuwanena, ambiri angaganize choncho, ndipo inenso ndinakulira m'nyumba momwe kholo silipepesa. Koma ndinawayankha kuti, bambo, ndalama ingabwerere mwakabisira, nanga dzina la mwanayu libwerera bwanji? Alongo ake adziwa kuti ndi wakuba amene wachita mantha n'kubweza. Ndipo iye mwini, amene akudziwa kuti sanatenge, adziwa kuti m'nyumba muno muli munthu amene anamuona akulira n'kukhala chete.

Sindinagone. Dzulo m'mawa tisanapite kutchalitchi ndinayala mkeka ndekha n'kuwaitana. Ndinanena zonse, tsiku lake, chifukwa chake, ndi kuti Loweruka ndinali ndi mpata wonena koma ndinachita manyazi. Ndinamutchula mnyamata dzina n'kumupepesa pamaso pa alongo ake. Sanayankhe. Anangodzuka n'kupita kukhola.

Wachisamba anakhala nthawi akutembenuza cholembera. Kenako anafunsa mwaulemu, "Amayi, ku banki kwanu munthu akabwereka amawonjezera zingati?" Ndinati 20 pa 100 pamwezi. "Ndiye tilembe K6,000?" Ndinati lembani. Analemba dzina langa pa tsamba la ngongole, n'kundipatsa kuti ndisaine. Atatero anapita kukhola kukapepesa mlongo wake, chinthu chomwe sindinamutume.

Lero kasitomala walipira ndipo K6,000 yalowa, onse atatu akuona. Lamulo latsopano lachokera kwa iwo: kiyi izikhala pakhosi pa mzime ndi kachingwe, ndipo makolo akafuna kubwereka azipempha pamsonkhano ngati wina aliyense. Bambo awo sananenepo kanthu, koma anamva.

Loweruka, 29 Juni

Kuyambira nkhani ija masheya akwera. Mnyamata, amene ankagula imodzi mokakamizika, masabata atatu apitawa wagula ziwiriziwiri, ndipo amachita kundifunsa ngati pali zovala zokasiya. Sindinamufunse chifukwa.

Wachisamba wakwanitsa zaka 16 mwezi uno, msinkhu womwe munthu amalembetsa chitupa cha unzika, ndipo takamulembetsa. Akufuna kuti gawo lake lina azisunga pafoni. Ndamupatsa kafoni kanga kakale ka mabatani, nambala ili m'dzina langa pakadali pano. Tinapita limodzi kwa ejenti, ndipo ndinamuimiritsa pa chikwangwani cha mitengo kuti awerenge yekha zomwe Airtel Money ndi TNM Mpamba amadula potapa ndi potumiza. Anaona yekha kuti wotapa pang'onopang'ono kawirikawiri amadyetsa zambiri. Nambala yachinsinsi ndamuuza asauze munthu, ngakhale ine. Pasanathe sabata unamufikira uthenga wa akuba aja woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Anabwera nawo akuthamanga, tinaufufuta limodzi.

Usiku wina tikupinda madiresi a kwaya awiriwiri, ndinamuuza chifukwa chenicheni chomwe ndikufunira kuti iye makamaka akhale ndi yakeyake. Mtsikana amafuna mafuta odzola, zovala zamkati, mapadi mwezi ndi mwezi, ndipo pena amaopa kupempha akaona makolo akuvutika. Zidyamakanda zimadziwa zimenezi kuposa ife makolo. Zimayamba ndi mayunitsi, kenako tchipisi, kenako foni. Ndinamuuza kuti ndalama ya mwamuna wamkulu kwa mwana wasukulu ndi katapila, kubweza kwake si ndalama. Sanadzutse mutu, anangoti, "Ndikudziwa amayi, m'kalasi mwathu awiri asiya." Tinapitiriza kupinda.

Loweruka, 10 Ogasiti

Malonda oyamba. Mathadzi anaswanso mu Julayi, anapiye atsopano alipo 14, ndiye khola lachepa. Agwirizana kugulitsa atambala asanu a mu Malichi aja.

Ndinapita nawo kumsika koma ndinaima patali, pa amayi ogulitsa tomato. Mnyamata ananyamula awiri atawamanga miyendo ndi luzi, mkulu wake atatu m'dengu. Venda woyamba anamunyamula tambala m'modzi, kumupima m'dzanja, kumupapasa pachifuwa, n'kugwedeza mutu. "Mafupa okhaokha awa, mphwanga. Ndikupatse K5,000." Ndinaona mnyamata akutambasula dzanja, mlongo wake n'kumuponda chala. Anali atazungulira kale msika wonse m'mawa kufunsa mitengo ngati ogula, ndiye ankadziwa kuti venda yemweyo akugulitsa ofanana nawo pa K9,000. Anakana, anasuntha. Anaima padzuwa maola awiri. Atatu anagula ndi mayi wa lesitilanti pa K7,000, awiri anagula ndi bambo wina wa panjinga pa K8,000. Zonse K37,000.

Kunyumba mnyamata anati tigawane zonse, ndi phindu. Apa ndipo kope linagwira ntchito yake. Mlembi anawerenga mokweza madeya onse kuyambira Januwale, katemera, ndi ngongole yanga yomwe ikudikira. Nkhope ya mnyamata inagwa pang'onopang'ono. Ndi tsiku lomwe wamva kusiyana kwa ndalama yogulitsa ndi phindu, chinthu chomwe amayi ena ku gulu lathu mpaka lero chimawagwetsa, n'kumadya mpamba akuyesa phindu. Agamula kuti aliyense atenge K3,000 yochita nayo zomwe akufuna, K9,000 igule waya wokulitsira khola, yotsala ikhale m'bokosi.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Mzime wagula tisilipasi ndipo K1,000 wabwezera ku masheya. Wachisamba yake ili pafoni. Ya mnyamata ndaipeza pochapa: timapepala tinayi tobetchera mpira m'thumba la kabudula, titanyowa kale. Amapatsira mnyamata wina wamkulu kuti akamubetchere, chifukwa lamulo sililola osakwana zaka 18. Kapepala kamodzi kanali ndi magemu khumi.

Mtima wanga unathamangira kumulanda udindo wa khola. Koma K3,000 ija tinati ndi yake, ndipo m'bokosi sanakhudzemo. Nkhaniyi anaitenga ndi bambo ake. Anakhala naye pakhonde ndi kobiri ya K10, n'kumuuza kuti alosere mbali yomwe igwere pamwamba, kakhumi kotsatizana osaphonya, ndipo akakwanitsa amupatsa K5,000. Anayesa mpaka mdima. Sanapyole zinayi. Kenako anamulembera pansi ndi kamtengo, 2 kuchulukitsa ndi 2 kakhumi, 1,024: mwayi umodzi pa chikwi ndi kuposa, ndipo mpira ndi woposa pamenepo chifukwa ulinso ndi kufanana mphamvu. Anamufunsa kuti nyumba zobetchera zija zimalipira lendi, magetsi ndi antchito ndi ndalama za ndani.

Sindinganene kuti wasiya. Anzake onse akubetcha, ndipo akulu amene akuwaonera nawonso akubetcha. Ndapita kukalankhula ndi mayi a mnyamata wamkulu uja, tamvana bwino. Ndiziyang'anabe m'matumba.

Loweruka, 5 Okutobala

Chitopa chatikantha. Mwa nkhuku 29 zatsala 13.

Katemera wa I-2, wodonthezera m'diso uja, timapereka miyezi inayi iliyonse: Januwale, Meyi, Seputembala. Tsiku linali lolembedwa m'kope, 7 Seputembala. Pamsonkhano wa tsikulo anawerenga kuti nkhuku 29 pa K100 imodzi ndi K2,900, ndipo mnyamata anati nkhuku zili bwinobwino, tidikire kumapeto kwa mwezi. Mlembi mutu unali ku Fomu 4, anavomera. Ine ndinati, "Nyengo yotentha ino ndi ya chitopa," kamodzi kokha, n'kusiya. Ndinaganiza kuti ndikuwapatsa mpata wosankha okha.

Pa 26 mzime anabwera kudzandiuza kuti thadzi lake lavala jekete. Ndinapeza litatsitsa mapiko, likuwodzera pakona, chitosi chobiriwira. Mawa lake anapiye anayi anali gone. Ena khosi linapindika, akumangozungulira. Mnyamata anathamangira kwa opereka katemera, koma anamuuza zoona, kuti katemera amateteza yamoyo, sachiza yodwala. Tinapatula zooneka zamphamvu kuziika kukhitchini. Anapiye a mu Julayi, amene anali asanalandirepo katemera chibadwire, afa 12 mwa 14. Zazikulu zafa zinayi, limodzi ndi thadzi lija. Mnyamata anakumba dzenje lakuya kuseri kwa bafa, ndipo tinakwirira zonse, osadya, osataya kudzala, kuti agalu asafalitse. Khola tapala, tawotcha zinyalala, tathira phulusa. Mzime analira masiku awiri.

Bambo awo akuti ndinayenera kulamula, ndipo apa ndavomera kuti akunena zoona. Za kabawi, za kubetcha, kumeneko mwana anataya chake ndipo anaphunzira. Koma katemera si nkhani ya ndalama yokha. Ndi zamoyo zomwe zinavutika, ndi nkhuku za aneba zomwe zimadya limodzi ndi zathu, ndi mwana wa zaka 8 amene analibe mawu pa chigamulocho. Ndinadziwa kuopsa kwake kuposa iwo, ndipo chiganizo chimodzi sichinali chokwanira. Kusiya mwana kuti apse chala kuli ndi malire ake, ndipo malirewo woika ndi kholo. Ndawauza zimenezi pamsonkhano, kuti mlanduwu tigawane.

Mnyamata anapempha kope n'kulemba yekha, K2,900 mbali ino, nkhuku 16 mbali inayo. Sanawonjezere mawu. Lamulo latsopano: ndalama ya katemera izikhala mu envulopu yakeyake, ndipo tsiku lake silikambidwa pamsonkhano.

Loweruka, 9 Novembala

Palibe yafanso. Zotsala zonse zinalandira katemera matenda atadutsa. Masheya anatsika mu Okutobala, mitima inali itagwa, koma ayambiranso. Bambo awo anabwera pamkeka sabata yatha, anakhala pansi n'kupempha ngongole ya K4,000 ya thiransipoti, poti mafuta akusowa ndipo mitengo ya minibasi yakwera. Mlembi anawafunsa tsiku lobweza. Abweza lero K4,800.

Loweruka, 21 Disembala

Kugawana. Sabata ino agulitsa nkhuku zisanu ndi imodzi pa K10,000 iliyonse, osapita n'kumsika komwe. Wachisamba anauziratu makasitomala anga obwera kudzatenga zovala za Khirisimasi, ndipo anazilipiriratu.

M'bokosi munali K21,400, kuphatikiza K60,000 yakwana K81,400. Choyamba andibwezera K30,000 yanga. Mzime ndiye anaiwerenga n'kundipatsa ndi manja awiri atagwada, mlembi n'kudula mzere pa ngongoleyo. K15,400 aipatula ya madeya ndi envulopu ya katemera wa Januwale. Yatsala K36,000. Masheya a chaka chonse ndi 180: wachisamba 90, mnyamata 50, mzime 40. Atagawa, sheya iliyonse yabweza K200 yomweyo. Wachisamba K18,000, mnyamata K10,000, mzime K8,000.

Mnyamata anayang'ana ndalama zake n'kuti, "Ndiye chaka chonse tangobwezeredwa zathu zomwe?" Mlongo wake anamugwira dzanja kupita naye kukhola: mathadzi awiri akale, misoti itatu, ndi ziwiri za mu Julayi zomwe zinapulumuka, imodzi mwa izo tambala, ndiye chaka chamawa sitibwerekanso kwa aneba. Zisanu ndi ziwiri, zopanda ngongole, ndi khola la waya. Anawerengera pa mtengo wa sabata ino n'kupeza pafupifupi K70,000. Kenako anawerengera yekha kuti zikanakhala zingati chitopa chikanapanda kulowa, n'kukhala chete.

Ine K30,000 yanga ndaiyang'ana: mu Januwale inagula misoti itatu ndi zina zonse zija, lero ingagule nkhuku zitatu zokha basi. Ndawaonetsa zimenezo, ndipo wachisamba wati chaka chamawa ngati ndidzawabwerekenso adzawonjezera kenakake pamwamba.

Zomwe zatsala: mnyamata ali Sitandade 8 ndipo mlembi ali Fomu 4, onse ali ndi mayeso a MANEB chaka chikubwerachi, ndiye ntchito ya m'mawa kukhola ipita kwa mzime, ine ndizimuyang'anira. Kope latsopano ligulidwe, lakaleli lakwana. Ana awiri a aneba apempha kulowa nawo, ndipo gulu lati lidzayankha pamsonkhano wa pa 4 Januwale makolo awo atabwera kudzamva malamulo, makamaka lija la kiyi. Amalume awo afika Lolemba kuchokera ku Johannesburg. Mnyamata wandifunsa ngati mlembi angatsegule tsamba la ndalama za alendo, zoti munthu asungitse n'kudzatenga tsiku lomwe wafuna. Ndamuuza akafunse pamsonkhano.